Mitundu ndi 72 kapena 73? Funso limodzi linatsekula nkhani yonse pa gulu la akum'mawa a ku Lusaka

Amake Tiza (Chilenje): Mwauka bwanji nonse. Ndithandizeni msanga. Kusukulu ya ana andipempha kuti ndikalankhule pa chikondwerero cha ufulu wa Zambia pa 24 Okutobala, ndipo ndalemba kuti "mitundu 73, dziko limodzi". Ahedi ataona akuti ndi 72. Ine chiyambire ku pulayimale ndimadziwa 73. Wolondola ndani?

Mlamu Mulenga: Inalidi 73, mlamu, koma wa 73 unali mtundu wa mbewa. Munaumaliza inu akum'mawa 😂

Dalitso: Ba Mulenga, nanga anyani a ku Kasama atsala angati?

Chisomo wa ku UNZA: Amake Tiza, nonse awiri mukhoza kupeza buku kapena nyuzipepala yokuikirani kumbuyo. Andale ena amati 72, ena 73, ena amangoti "yoposa 70". Mindandanda ya mitundu inayamba ndi atsamunda, pamene ma DC ankalemba anthu kuti adziwe kuti mfumu iyi ikhala pansi pa ndani ndipo msonkho uchokera kuti. W. V. Brelsford anafika polemba buku lathunthu la mitundu ya Northern Rhodesia mu 1956. Vuto lake ndi lakuti wolemba ndiye amasankha polekezera. Asenga a ku Chama muwaika paokha kapena pamodzi ndi Atumbuka? Akunda a ku Mambwe? Achikunda a ku Luangwa? Zili ngati milu ya tomato pa msika wa Soweto: tomato ndi yemweyo, koma milu ikhala ingati amadziwa ndi wogulitsa.

Chimene ndikupemphani n'chakuti musakanene kuti "ziyankhulo 73". Mtundu ndi chiyankhulo n'zosiyana, ndipo a Mubanga Kashoki, amene anakonza buku la Language in Zambia ndi Sirarpi Ohannessian mu 1978, anakhala akufotokoza zimenezi kwa zaka zambiri. Angoni a Mpezeni anawoloka Zambezi mu 1835 ali ndi chiyankhulo chawo chakumwera, koma lero pa Nc'wala ku Mtenguleni mukamvetsera anthu akucheza mumva zofanana kwambiri ndi Chinsenga. Chingoni chakale chatsalira m'nyimbo ndi m'mayamiko a mafumu. Alozi nawo amalankhula chiyankhulo chimene Makololo anabwera nacho. Pa wailesi ya boma ndi m'masukulu ziyankhulo ndi zisanu ndi ziwiri: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chikaonde ndi Chiluvale.

Amake Tiza (Chilenje): Mwana iwe wandiwonjezera ntchito m'malo mondichepetsera.

Aphunzitsi Mwale (Kabwata): Mayi, ngati n'zosankha, sankhani 73. Sindikunena za mbiri ayi, ndikunena monga munthu wa masamu. 72 ndi nambala yofewa, imagawika ndi 2, 3, 4, 6, 8, 9, 12 ndi zina. Koma 73 siigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yokha. Ndi zija kusukulu timati ma prime. Pa tsiku la "One Zambia, One Nation" mungafunenso nambala ina iti?

Ndipo si prime wamba. Werengani ma prime kuyambira pa 2: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37... 37 ndi wa nambala 12 pa mzerewo. Mukapitiriza mupeza kuti 73 ndi wa nambala 21. Tsono onani: 73 mukaitembenuza ndi 37, ndipo 21 mukaitembenuza ndi 12. Komanso 7 kuchulukitsa ndi 3 ndi 21, malo ake enieniwo. Izi zinatchuka chifukwa cha sewero lina loseketsa la pa TV la ku America, anthu n'kumaseka, koma akatswiri awiri, Carl Pomerance ndi Chris Spicer, anazitenga mwamphamvu. Mu 2019 anasindikiza umboni wakuti pa ma prime onse, amene alibe mapeto, palibe wina amene ali ndi zonse ziwirizi. Ndi 73 yekha basi.

Mu binary, mawerengedwe a kompyuta a 0 ndi 1, 73 imalembedwa 1001001, chifukwa ndi 64 + 8 + 1. Yambirani kumanja kapena kumanzere, n'chimodzimodzi.

Dalitso: 64! Ba Mwale mwaona? 1964! Manje ichi ni chizindikiro ichi. Loweruka ndiika 73 pa tikiti.

Asisi Misozi: Iwe, lendi ya mwezi uno walipira?

Akatekisiti Banda (Mtendere): Mtendere ukhale nanu nonse. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa mwafika pakhomo panga. Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku 73: Chipangano Chakale 46, Chatsopano 27. Ndipo Amake Tiza museka, chifukwa mkangano wanu ndi ahedi ulinso kwathu. Katekisimu wa Mpingo amanena yekha kuti mabuku a Chipangano Chakale ndi 46, kapena 45 ngati Yeremiya ndi Maliro muwawerenga ngati buku limodzi. Ndiye kuti onse pamodzi 73 kapena 72. Mawu ake ndi omwewo, palibe vesi lotayika.

Mayi Phiri a Chigwirizano: Akatekisiti, langa lili pano pa tebulo, Buku Lopatulika, lomwe anatanthauzira a Murray ndi anzawo n'kutuluka mu 1922. Ndawerenga mabuku ake ndi chala: 66. Asanu ndi awiri enawo munawatola kuti?

Akatekisiti Banda (Mtendere): Mayi, sitinatole, inu ndi amene munasiya panjira 😊 Ndi Tobiti, Yuditi, Nzeru za Solomoni, Sira, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo, kuphatikizapo zigawo zina za Esitere ndi Danieli. Anali m'Baibulo la Chigiriki limene Akhristu oyamba ankawerenga, koma sali m'mndandanda wa Chiheberi wa Ayuda. Martin Luther sanawataye. M'Baibulo lake la 1534 anawaika paokha pakati pa zipangano ziwiri, nati ndi abwino kuwerenga koma si ofanana ndi Malemba. Msonkhano wa ku Trent mu 1546 unayankha kuti onse ndi Malemba. Kuwachotseratu kunabwera mochedwa, pamene British and Foreign Bible Society inagamula mu 1826 kuti sidzalipiranso kusindikiza mabukuwo. Amishoni amene anafika ku Magwero mu 1899 anabwera ndi mwambo wa 66 umenewo.

Mayi Phiri a Chigwirizano: Nenaninso kuti chimene chimakukondweretsani ndi 2 Amakabeo 12, pamene pali zopempherera akufa. Ife pamenepo ndi pamene tinasiyana. Koma chabwino, Salimo 73 tonse tili nalo, la Asafu, munthu amene anatsala pang'ono kuterereka poona oipa akulemera. Dalitso akaliwerenge asanapite kukabetcha.

Akatekisiti Banda (Mtendere): Pamenepo ndagwirizana nanu. Ndingowonjezera kuti Ayuda amawerenga mabuku 39 anu omwewo a Chipangano Chakale n'kupeza 24, chifukwa aneneri aang'ono khumi ndi awiri kwa iwo ndi buku limodzi, Samueli limodzi, Mafumu limodzi. Aorthodox a ku Ethiopia ali ndi 81. Ngakhale pa Luka 10, zolembedwa zakale zina zimati Yesu anatuma ophunzira 70, zina 72.

Che Saidi (Chawama): Salaam kwa nonse. Nafenso 73 timaidziwa, koma kwa ife si nambala yosangalatsa. Pali hadith, mawu a Mtumiki Muhammad, yopezeka mwa Abu Dawud ndi Tirmidhi, yonena kuti Ayuda anagawikana magulu 71, Akhristu 72, ndipo Asilamu adzagawikana 73. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti akatswiri akale, monga al-Baghdadi, analemba mabuku athunthu ofuna kutchula magulu onsewo mmodzimmodzi. Kuti akwane 73 ndendende, pena ankaphatikiza awiri, pena ankang'amba limodzi. Mashehe ena amati m'Chiarabu 70 imangotanthauza "ambiri". Ndiye pamene Chisomo amafotokoza za Asenga ndi Akunda ndinangogwedeza mutu, ndati ntchito iyi ndaionapo kwina.

Mlamu Mulenga: Aphunzitsi akuti 73 siigawika, a Saidi akuti 73 ndi kugawikana. Akum'mawa gwirizanani kaye.

A Zulu a mafoni (Town Centre): Pepani ndachedwa, malaiti anapita ndipo ndinali ndi kasitomala. Inu nonse mukukangana za 73 pomwe mwaigwira m'manja. Pa tebulo lija la ma element limene tinkaloweza ku sekondale, nambala 73 ndi tantalum. Ndi chitsulo cholemera, chotuwa, chosachita dzimbiri, ndipo kuti chisungunuke pamafunika kutentha kopitirira madigiri 3,000. Mukatsegula bodi ya foni kapena ya laputopu mupeza timakapasita tating'ono, tina tachikasu tina takuda, tokhala ndi kamzere mbali imodzi. Tambiri mwa timeneto m'kati mwake ndi tantalum. Timasunga magetsi ambiri pa malo ochepa, n'chifukwa chake amatikonda. Koma ndi taukali: ukakalumikiza mozondoka kamapsa pamaso pako, fungo lake osaiwalika. Anyamata ophunzira ntchito amadziwira pamenepo kuti kamzere kaja si kokongoletsa.

Madokotala amachigwiritsanso ntchito poika zitsulo m'mafupa chifukwa thupi silikangana nacho.

Chisomo wa ku UNZA: Amalume, ndi coltan uja wa ku Congo?

A Zulu a mafoni (Town Centre): Yemweyo. Coltan ndi mwala umene muli tantalum ndi mnzake niobium, ndipo awiriwa amafanana kwambiri moti tantalum atapezeka ndi Anders Ekeberg wa ku Sweden mu 1802, panapita zaka zambiri akatswiri akuganiza kuti ndi chitsulo chimodzi. Wambiri amachokera kum'mawa kwa Congo ndi ku Rwanda. Ku Rubaya, ku North Kivu, anthu amakumba ndi mafosholo ndi manja, ndipo magulu a mfuti akhala akulimbirana migodi imeneyo. N'chifukwa chake America mu 2010 inaika lamulo lakuti makampani azinena kumene agula tantalum, tin, tungsten ndi golide. Kaya lamulolo linathandiza wokumba, funsani Akongo amene timagulitsa nawo pano, aliyense ali ndi yankho lake.

Dalitso: Mitundu 73, mabuku 73, foni 73. Mukufunanso umboni wanji imwe?

Aphunzitsi Mwale (Kabwata): Dalitso, khala pansi. Cobalt ndi nambala 27 pa tebulo lomwelo, ndipo KK, a Kenneth Kaunda, analamulira zaka 27, kuyambira 1964 mpaka 1991, ndipo Chipangano Chatsopano chili ndi mabuku 27. Ubetchanso 27? Ndipatse nambala iliyonse yosafika 100, pofika madzulo ndikupezera nkhani zisanu. Nambala zazing'ono n'zochepa, zinthu zowerengedwa n'zambirimbiri, ndiye ziyenera kugundana basi.

Koma ma 73 amene atchulidwa pano si a mtundu umodzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumve. 73 wa a Zulu palibe anamuvotera. Atomu ya tantalum ili ndi mapulotoni 73. Ukachotsapo imodzi yasanduka hafnium, ukawonjezera imodzi yasanduka tungsten. Ku China, ku Roma, ku Katete, yankho ndi lomwelo. Kusagawika kwa 73 nakonso sikudikira msonkhano. Koma 73 wa akatekisiti anagamulidwa ndi mabishopu atakhala pansi, 73 wa a Saidi akatswiri anachita kumukwanitsa, ndipo 73 wa Amake Tiza analembedwa ndi munthu wa kabudula wa khaki atanyamula kaundula wa msonkho. Sindikunyoza, zinthu zogwirizana anthu zili ndi mphamvu, anthu amafera zimenezo. Kungoti ukamva nambala uzifunsa kuti anawerenga ndani, ndipo ankafuna chiyani.

Akatekisiti Banda (Mtendere): Aphunzitsi, mabishopu aja ife timakhulupirira kuti sanali okha m'chipindamo. Koma ndamva.

Asisi Misozi: Ine wanga ndi wa ku ofesi, alibe zodabwitsa. Chaka chili ndi masiku 365, ndipo 365 ndi 5 kuchulukitsa ndi 73. Palibenso nambala ina imene imagawa 365 kupatula ziwirizi, 1 ndi iyo yokha. N'chifukwa chake miyezi yathu ili yokhotakhota, wina 30, wina 31, wina 28: chaka sichilola kugawidwa 12 mofanana. Koma powerengera chiwongoladzanja, masiku 73 ndi okoma, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a chaka. Tiyerekeze mwakongola K10,000 pa 25 peresenti pachaka. Chaka chonse ndi K2,500, masiku 73 ndi K500, osafuna kakyuleta. Tsono yerekezani ndi wa kaloba amene amafuna theka la ndalamayo pamwamba pakutha pa mwezi umodzi.

Aphunzitsi Mwale (Kabwata): Ndipo tsiku la 73 la chaka ndi 14 Malichi, ngati Febuluwale ali ndi masiku 28. Aamerika amalilemba 3/14, ndiye a masamu amalikondwerera ngati tsiku la pi, 3.14. Albert Einstein anabadwa tsiku lomwelo mu 1879. Amaya a ku Mexico ndi Guatemala anali ndi makalendala awiri oyendera limodzi, wa masiku 365 ndi wa masiku 260. Kuti onse awiri abwerere pamene anayambira pankapita masiku 18,980, amene ndi zaka 52 za woyambayo, kapena maulendo 73 a wachiwiriyo. Dalitso usayambe.

Dalitso: Sindinanene kanthu 🤐

Agogo Tembo (Matero): Ana anga, mdzukulu ndiye akundilembera, maso anatha. Inu mukamati 73 mukuona nambala. Ife tikamva 73 timaona chaka.

Pa 9 Januwale 1973 Ian Smith anatseka malire a Rhodesia ndi Zambia, ati chifukwa tinkasunga omenyera ufulu. Ankaganiza kuti tigwada, popeza kopa wathu wambiri ankadutsa pa mlatho wa Victoria Falls kupita ku Beira. Patangopita milungu yochepa anatsegula mbali yake, koma KK anati ayi, mwatseka nokha, ife sitidutsanso. Njanji ya kumwera inakhala choncho mpaka 1978. Katundu anayamba kuyenda pa malole kupita ku Dar es Salaam, wina pa njanji ya Benguela kupita ku Lobito, mpaka nkhondo ya ku Angola inatsekanso kumeneko mu 1975. Mwayi wake Matchaina anali ali kale pa ntchito ya TAZARA. Chaka chomwecho cha 73 njanji inalowa m'dziko muno pa Nakonde, n'kudzafika ku Kapiri Mposhi mu 1975.

Mu Juni a Harry Nkumbula anasaina chigwirizano cha ku Choma, chipani chawo cha ANC n'kulowa mu UNIP ya KK. Mu Ogasiti malamulo atsopano a chipani chimodzi anayamba kugwira ntchito, a Mainza Chona n'kukhala nduna yaikulu. Mu Disembala tinavota, koma pa mpando wa pulezidenti panalibe wopikisana naye, unkangoti inde kapena ayi. Anthu a msinkhu wanga amakumbukirabe chule amene ankaimira "ayi" pa zisankho za nthawi imeneyo. Ndani angavotere chule? UPP ya a Kapwepwe inali italetsedwa kale mu 1972. Chifukwa chimene ankatiuza n'chomwecho mwayamba nacho m'mawa: mitundu ndi yambiri, zipani zambiri zitigawa. Ena tinavomereza ndi mtima wonse, ena anangokhala chete. Ine mpaka lero ndikaganiza ndimapeza mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ngakhale mu 1991 ndinaimirira pa mzere kuyambira m'bandakucha.

Ndiye mu Okutobala Aarabu anakweza mafuta chifukwa cha nkhondo yawo ndi Israel, mtengo unakwera pafupifupi kanayi. Kopa anadzagwa pambuyo pake. Mizere ya saladi ndi sopo imene makolo anu amakusimbirani mizu yake ili pamenepo.

Amake Tiza (Chilenje): Agogo, zikomo kwambiri. Izi ndiye ndikawauze ana, kusiyana n'kukangana ndi ahedi.

Agogo Tembo (Matero): Kanthu kena kakang'ono. Ndili mnyamata ndinkathandiza mzungu wina amene anali ndi wailesi yolankhulirana ndi anthu akunja m'nyumba mwake, chizindikiro chake choyamba ndi 9J monga onse a ku Zambia. Akamaliza kucheza ndi munthu wa ku Japan kapena ku Brazil ankatsanzika ndi "73". Kwa anthu a mawailesi amenewo ndiye kuti mafuno abwino, ndipo anatengera kwa a telegalafu a ku America a zaka za m'ma 1800. Pa Morse imamveka bwino: 7 ndi ziwiri zazitali, zitatu zazifupi. 3 ndi zitatu zazifupi, ziwiri zazitali. Imathera mmene yayambira.

Aphunzitsi Mwale (Kabwata): Agogo mwandipatsa chatsopano. Ndiye kuti pa Morse nayonso imawerengeka mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Lolemba ndikaonetsa a Grade 11.

Dalitso: Popeza kubetcha mwandiletsa, lekeni ninene za bola. Messi anagoletsa zigoli 73 ku Barcelona mu sizoni imodzi, 2011/12. Pa zimenezo 50 zinali za mu ligi. Palibe wa ku Ulaya anafikapo.

Mlamu Mulenga: Mwana iwe usatchule Messi pamaso pa akulu. Ucar! Godfrey Chitalu, Kabwe Warriors, 1972, zigoli 107.

Dalitso: Ba Mulenga mwasakaniza. 107 ija ndi ya m'kati mwa chaka chimodzi, 1972. Yofananitsa nayo ndi 91 ya Messi ya 2012, pamene anapitirira 85 ya Gerd Müller.

Mlamu Mulenga: Nanga 91 ndi 107 yaikulu ndi iti? Müller anagoletsa 85 mu 1972, chaka chomwecho Ucar anagoletsa 107, koma dziko linamva za Mjeremani yekha. FAZ, bungwe lathu la bola, itadandaula mu 2012, FIFA inati siisunga ziwerengero za maligi a m'mayiko. Aphunzitsi anena kale, funsa kuti anawerenga ndani. Munthu anafera dziko ku Gabon mu Epulo 1993 ali kochi, wagona apo pafupi ndi Independence Stadium, ndipo mbiri yake mpaka lero tikuchita kuipempha.

Mayi Phiri a Chigwirizano: Lero Mbemba walankhula zanzeru. Lembani tsiku.

Che Saidi (Chawama): Ma Warriors ena, a basketball a Golden State, anapambana masewera 73 pa 82 mu 2015/16, kuposa timu ina iliyonse m'mbiri ya NBA, koma chikho anachiphonya pa fainolo. Dalitso amve zimenezo.

Aphunzitsi Mwale (Kabwata): Ndikusiyireni kamasewera kochitira ana madzulo ano malaiti akapita. Uzani mwana alembe nambala iliyonse ya manambala anayi, osakuonetsani. Ailembe kawiri moyandikana. Mwachitsanzo 1964 ikhale 19641964. Muuzeni agawe ndi 73, ndipo mulonjezeni kuti sipatsala kanthu. Apeza 269068. Agawenso ndi 137. Ibwerera 1964 yake ija. Chinsinsi chake n'chakuti kulemba nambala yotere kawiri n'chimodzimodzi kuichulukitsa ndi 10001, ndipo 10001 ndi 73 kuchulukitsa ndi 137.

A Zulu a mafoni (Town Centre): Ndayesa ndi PIN ya kasitomala, yatheka 😂

Asisi Misozi: A Zulu!!

A Zulu a mafoni (Town Centre): Ndikuseka asisi, ndayesa ndi chaka chimene ndinabadwa.

Amake Tiza (Chilenje): Aphunzitsi, kwa ine yakana. Tiza walemba 260260, tagawa ndi 73, yatuluka ndi zotsala.

Aphunzitsi Mwale (Kabwata): 260 ili ndi manambala atatu, mayi, osati anayi. Ya atatu imachulukitsidwa ndi 1001, osati 10001. Muuzeni agawe ndi 7, kenako 11, kenako 13.

Amake Tiza (Chilenje): Yatuluka 260. Akufuna ayesenso ndi ya manambala asanu.

Aphunzitsi Mwale (Kabwata): Imeneyo ndi 100001. Ayambe ndi 11, inayo aipeze yekha. Musamuuze.